Mpasa wa pa Bua

Mwaiwawo, mwana wanga, ndiye analipira.
Akuti masiku atatu, bambo, mukapume,
zaka makumi atatu mwayendetsa basi
koma kumene msewu umathera simukudziwako.
Ndakuona tsopano. Umathera pa kamlatho ka matabwa,
kenako fumbi, akashembe, ndowe za njovu zofuka nthunzi,
mpaka Bua ayambe kumveka asanaoneke.

Tenti yanga ili pa nsanja.
Muli bedi, ndi thaulo lopindidwa ngati duwa
loti ndinachita manyazi kulitambasula.
Netiweki, anandiuza, ili pa chulu icho,
koma musapiteko nokha.

Usiku woyamba tulo tinakana.
Panalibe injini yoti ndiimvetsere,
mvuu yokha kumunsi, kuguguda
ngati lole yokana kulira m'mawa wa Juni.

Kutacha Twaibu anandipatsa ndodo yowedzera
ya mtengo woposa penshoni yanga ya miyezi iwiri.
Nyongolotsi ayi. Nyambo yake kachitsulo,
supuni yothyoka mpini, yonamiza ndi kunyezimira.
Ndinaponya, ndinakola bango.
Ndinaponyanso, ndinakola chipewa changa.
Iye sanaseke, anangoyang'ana kutsidya
mapewa okha akugwedezeka.

Kumbuyo kwathu mlonda wa nkhalango, mfuti paphewa,
kundilondera ine.
Sindinamuuze kuti pa mtsinje womwe uno
anzake akale, a yunifolomu yomweyo,
anagwira a Chikhosi, bambo anga, ataima m'madzi ofika m'chiuno,
mpasa awiri m'thumba la feteleza.
Miyezi isanu ndi umodzi.
Anabwerako akutsokomola, ndipo nsomba sanaidyenso,
ankangokankha mbale ndi chala.

Tsiku lachiwiri, chabe.
Nkhwazi inagwira yake ife tikuona, osapepesa.
Ng'ona pamchenga inayasamula tsiku lonse
ngati kondakitala wopanda pasinjala.

Lachitatu, dzuwa lisanapse, pa dziwe la pansi pa mwala,
chingwe chinati thi!
Manja anga, odziwa chiwongolero chokha,
anakumbukira zomwe sindinawaphunzitse.
Anathawa nacho chingwe. Ndinamusiya. Ndinamukoka.
Analumpha, siliva yense, madzi akuyoyoka,
Twaibu akukuwa, osalimbana naye, mdala,
mulekeni atope yekha!
Sindikudziwa amene anayamba kutopa.

Anali wautali kuchokera pa chala mpaka pa chigongono,
kuonjezapo chikhatho.
Wozizira. Wolemera kumimba.
Twaibu anajambula, kenako mawu anatsika:
tsopano mubwezeni, ndi lamulo la pano,
ali ndi mazira, akupita kumtunda kukaswa.

Kubweza?
Ndiwo yoti munthu anaigonera pa simenti miyezi isanu ndi umodzi?
Ndinayang'ana mlonda uja. Ankachotsa chisoso pa sokosi.

Ndinagwada. Maondo analira.
Ndinamugwira m'madzi, mutu kuloza kumene madzi achokera,
monga anandiuzira,
mpaka ndinamva kanthu kakubwerera m'thupi mwake,
pang'ono, pang'ono, ngati injini yogwira moto pokankha.
Mchira unandimenya padzanja kamodzi.
Basi.

Madzulo anatipatsa nkhuku ya mufiriji,
yobwera pa galimoto kuchokera ku boma.
Ndinadya ndi foloko kuti ndisasambe m'manja,
fungo lake likhalebe.

Kenako ndinapempha mlonda andiperekeze pa chulu.
Anawalitsa tochi, ine patsogolo, iye pambuyo,
dzina lake Lifa, wobadwa chaka chomwe ndinayamba ntchito.
Foni inagwira kamzere kamodzi.
Mwagwira, bambo?
Ndagwira.
Ndiye mutibweretsera?
Ayi mwanangu, anali paulendo,
ine ndangomuimitsa pang'ono pa siteji.

Anaseka, mawu akudukaduka, kenako zii.
Tinatsala awiri pa chulupo, ndi mtsinje.
Lifa anati agogo akenso ankawedza pano kale.
Sindinafunse kuti zinawathera bwanji.
Anazimitsa tochi kuti batire isathe.